Waya wa pa Dzanja la Lufeyo

Panali munthu wina dzina lake Lufeyo, yemwe ankayang'anira chipata cha madzi pa sikimu ya mpunga. Damu linali kutali, kuseri kwa chitunda, moti kukuwa sikunkafika. Ndiye anthu anayala waya kuchokera kudamuko, nsonga yake n'kuimanga pa dzanja la Lufeyo. Akudamu akamasula madzi ankakoka wayayo, iye n'kutsegula chipata.

Mphepo inkagwedeza waya, mbalame zinkaterapo, koma Lufeyo sankatekeseka nazo. Ankadikira kukoka kwamphamvu basi. Alimi kumunsi analibe nazo ntchito za waya. Iwo ankangodziwa madzi: akawafika m'mapazi, ankayamba kuwokera.

Tsiku lina dzuwa linaswa mtengo, waya n'kuyamba kumutentha pakhungu. Lufeyo, munthu wodzidalira, anamasula wayayo n'kumumanga pa chikhomo. Anati madzi si singano, akabwera awaona ndi maso. Anakhala pamthunzi, ndipo tulo sitinachedwe.

Akudamu anakoka. Madzi anatsika, anapeza chipata chotseka, anasefukira m'mbali n'kupita kudambo.

M'mawa womwewo mlongo wake, Nasimango, anali atazula mbande zake zonse ku nazale, poti linali tsiku la gawo lake. Zinakhala pamzere, mizu ili pamtunda, mpaka zinafota. Mbewu ina analibe. Anakwera kuchipata mapazi ali mbuu.

"Achimwene, kodi akudamu atiiwala?"

Lufeyo anatembenukira ku chikhomo. Chinali chitapendekera kudamu, chitatsala pang'ono kuzuka. Anachita manyazi kwambiri.

Inu ophunzira anga, m'thupi mwanu muli a Lufeyo osawerengeka. Pa khungu la selo iliyonse ya mtima pali mapuloteni omwe amamva mphamvu ya magetsi ikasintha. Ikasintha pang'ono amangokhala. Ikafika pa mlingo wake amatsegula kachipata, mchere wotchedwa kashiyamu n'kulowa m'selomo. Za m'kati mwa selo zimene zimafinya mnofu sizimva magetsi, zimamva kashiyamuyo. Zikamumva, mtima umagunda.

Nanunso tsiku lina mudzaima pakati pa anthu awiri osamvana, uthenga uli pa dzanja lanu. Udzakutenthani, ndipo chikhomo chidzakhala pafupi. Musanamasule, kumbukirani kuti kumunsi wina wazula kale mbande.