Kalipentala Amene Anadula Miyendo ya Mabenchi Ake

Panali munthu wina, kalipentala, dzina lake Nthala. Mipando ya m'tchalitchi anakhoma ndi iye. Matebulo a m'maofesi a paboma anakhoma ndi iye. Ntchito ankaitha, ndipo kuti amaitha sankabisa ayi.

Chaka china anthu a m'mudzi mwake anagwirizana zomanga sukulu ya mkaka, kuti ana aang'ono azisewera ndi kuphunzira pamodzi. Eee, mudzi unatekeseka! Amayi pamutu ndowa, achinyamata pachikombole cha njerwa, ena kulonjeza chimanga ndi soya wa phala. Nthala anaimirira pamsonkhano nati, "Za mabenchi ndi matebulo musiyire ine."

Anali ndi chifukwa chake. Mwana wake wotsiriza, Zione, wa zaka zitatu, anali wamanyazi koopsa. Mlendo akafika, iye kuseri kwa chitseko. Anzake akamasewera, iye ankaima patali, chala chili m'kamwa. Zimenezi zinkamupweteka Nthala. Ankalakalaka tsiku limene mwana wakeyo adzalowe pakati pa anzake, n'kuyimba ndi kufuula ngati ana ena onse.

Choncho anatulutsa matabwa a mbawa amene ankasungira chitseko cha nyumba yake. Milungu itatu akupala, akukhoma, akupaka vanishi. Miyendo anaisema mokongola zedi. Za muyeso sanafunse munthu. Afunsirenji? Zaka makumi awiri ali pantchito, muyeso unali m'mutu: benchi lifike m'bondo mwake, tebulo lifike m'chiuno mwake. Bolodi nalo analikhomera pamene maso ake ankafika.

Tsiku lotsegulira sukulu, ng'oma zinalira, nthungululu kuti mbwee. Akuluakulu anakhala pamabenchi paja, akusisita matebulo. "Koma abale, izi ndiye za kutauni!" Nthala ankangoyenda monyang'wa, manja kumbuyo.

Kenaka analowa eni ake a sukulu, ana. Wina anayamba kukwera benchi ngati akukwera mtengo wa mango. Wina anaterereka, kugwa chagada, kulira. Amene anakwezedwa ndi alezi anakhala miyendo ili lendelende, chibwano chokha chikusuzumira patebulo. Mlezi wamkulu, mayi Nasibeko, anayambitsa nyimbo, koma ndani akanayimba? Aliyense anagwiritsa benchi kuopa kugwa.

Nthala anamwazamwaza maso. Zione sakuoneka. Anamupeza kunsi kwa tebulo la pakona, atadzipinda, misozi ili mbwembwembwe.

"Ababa, tiyeni kwathu," anatero mwanayo. "Kuno sindibweranso."

Mawu amenewo anamulasa mtima. Anagwada kuti amutulutse, mwana anakana. Ndiye kalipentala wotchuka uja, ndi malaya ake a paphwando, anakwawa n'kulowa kunsi kwa tebulo, nakhala pansi pambali pa mwana wake.

Apo m'pamene anaona. Pamwamba pa mutu wake panali thabwa losapala ndi nsonga za misomali. Kutsogolo kwake kunali mawondo a akuluakulu okhaokha. Bolodi linali kutali ngati denga. Kukongola konse kumene anakhetsera thukuta kunali pamwamba, kumene mwana sakanakuona.

Anatuluka, liwiro la kwawo. Pobwera anali ndi sowo m'manja, pensulo kukhutu.

"Zione, tabwera, ima apa." Anayeza bondo la mwanayo pamwendo wa benchi, nalemba mzere.

"Bambo a Zione!" anakuwa mayi Nasibeko. "Mbawa imeneyo! Mwapenga kodi?"

"Ndinapenga milungu itatu yapitayi, mayi. Lero ndachira. Tagwirani uko."

Sowo inalira. Mwendo wosema bwino uja unagwa pansi, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Anthu anagwira pakamwa. Nthala anaimika benchi lija, tsopano lili lalifupi ngati kampando ka kukhitchini. Zione analiyang'ana, anayandikira, nakhala yekha popanda womukweza. Mapazi ake anagunda pansi. Anaguguda kamodzi, kawiri, kenaka anaseka.

Basitu! Amuna anathamangira masowo kunyumba zawo. Ena anazula bolodi n'kulitsitsa. Amayi anayambiranso nthungululu, ulendo uno zenizeni. Utuchi unali ponseponse, ana akulimbirana benchi lililonse limene latsika.

Nanga tizidutswa ta miyendo tija? Ana anatitola, kuyamba kusanja, uyu nyumba, uyu khola la mbuzi. Mayi Nasibeko sanachedwe. "Tiyeni tiwerenge! Kamodzi! Tiwiri!"

"Titatu!" Mawu amene anaposa onse anali a Zione. Anali pakati pa anzake, tizidutswa tili m'manja, akufuula, "Ababa, dulaninso! Tatiperewera!"

Nthawi yoweruka itakwana, mwana amene anati sabweranso uja anachita kumunyamula, akukana kupita kwawo.

Tsono inu makolo, inu alezi, inu a komiti, mwabwera ndi mtima wabwino, sindikukana. Nthala nayenso mtima unali wabwino, mbawa inali yabwino. Chimene chinalakwika ndi bondo limene anayezera. Musanakonzere mwana chilichonse, kaya ndi nyimbo, kaya phunziro, kaya lamulo la pakhomo, yambani mwagwada muone zimene iye akuona. Ndipo mukapeza kuti ntchito yanu yamutalikira, ngakhale ikhale yokongola chotani, musamukalipire mwana kuti ndi wamfupi. Katengeni sowo.