Nyimbo Yotsekeredwa m'Laputopu ya aGelevazio

Kalekale, kale lake la dzanadzanali, malaputopu atayamba kufika ndi kumidzi komwe, ku Mtakataka kunali bambo wina dzina lake Gelevazio, wophunzitsa kwaya ya pa tchalitchi. Analibe ng'ombe, analibe ngolo. Chuma chawo chinali mawu a pakhosi, ndi laputopu yakuda imene wansembe wina anawasiyira pobwerera kwawo. Sisitimu yake, ija imadzutsa makina n'kuwayendetsa, inali ya orijino. Kunsi kwa laputopuyo kunali kapepala komata kokhala ndi manambala a layisensi, ndipo aGelevazio ankakaonetsa kwa alendo monyada ngati mtchatho wa ukwati.

Chaka chawo chomaliza anayamba kudzitsekera kuchipinda n'kumajambula mawu awo m'laputopumo. Akazi awo, aNasibeko, akagogoda, iwo ankangoyankha ali m'kati momwemo.

"Musamvetsere, mayi. Iyiyi ndi yanu. Mudzaimva ikapsa."

ANasibeko ankangotolako kachidutswa ka chuni kodutsa pansi pa chitseko, n'kumabwerera ku ntchito zawo akuseka kuti mdala wayamba chinyamata kumadzulo. Nyimboyo isanapse, aGelevazio anagwa panjira pochokera kudimba, ndipo sanadzukenso.

Maliro atatha, amayiwo anaitana ana awo atatu. Anati nyimboyo asaitsegule munthu aliyense. Idikire tsiku la chiliza, kwaya idzaiphunzire, idzaimbidwe pamanda mwini wake akumva. Kunena zoona, mtima wawo unkaopa. Ankadziwa kuti akangomva mawu amenewo chilonda chikadali chachiwisi, sadzaimanso pa miyendo yawo. Choncho nyimboyo inakhala ngati mbewu ya m'nkhokwe: osaidya, koma kugona tulo podziwa kuti ilipo.

Tsopano mverani zimene anawo anachita, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mtima woipa.

Woyamba kubadwa anali Sikolasitika, mkazi waukhondo woti ntchentche ikatera pakhomo pake imachita manyazi. Kwawoko zinthu za malemu sizisungidwa ndi thukuta la malemu, zimayamba zayeretsedwa. Sikolasitika anachapa majekete, anachapa mabulangete, anakwecha njinga mpaka masipoko. Atafika pa laputopu anaipukuta bwinobwino, n'kuitembenuza. Anaona kapepala kaja katada bii ndi zala za bambo ake, m'makona mutapindika. Anatenga mpeni n'kukapala, potsalira guluu anapatsuka ndi sopo mpaka pansi ponse panachita waliwali. Kenaka anaikulunga m'chitenje chatsopano n'kuiika m'sutikesi ya amayi.

"Tsopano ili mwaulemu," anatero.

Wachiwiri anali Alufeyo, amene ankatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo pamsika, ndipo pamsikapo ankamutcha injiniya iye osakana. Dzinja litadutsa, chiliza chitayandikira, aNasibeko anatulutsa laputopu ija. Inayaka, inaonetsa buluu, inazima. Anayesanso, zomwezo. Amayiwo anaitana Alufeyo.

"Musade nkhawa, amayi, yangofa sisitimu," anatero Alufeyo. "Nyimbo yanu ili bwino. Ndinapeza fulashi, kachipangizo kosungira nyimbo kaja, m'thumba la jekete la abambo, analembapo okha kuti kwaya. Ili mmenemo."

Sanaitsegule fulashiyo kuti atsimikize, poti amayi anali ataletsa. Anabwereka sisitimu ya orijino kwa mnzake kuti akonzere yakufayo, koma inamufunsa manambala a layisensi. Anatembenuza laputopu, n'kupeza pansi pali see. Ndiye anakatenga sisitimu yakuba, ija siifunsa kanthu. Poiika, makina anamuonetsa kuti m'mimba mwake muli zipinda ziwiri, china chachikulu, china chaching'ono chotseka. Kachipinda kakang'onoko n'komwe opanga laputopu amabisako sisitimu yapadera, yodzutsira makina akafa, yosafunsa manambala ndiponso yosakhudza katundu wa mwini. Alufeyo zimenezi sankazidziwa. Iye anati mavayirasi amabisala m'malo otseka ngati amenewa, ndipo anafufuta zonse ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. Sisitimu yakubayo itangoyamba kulowa, magetsi anathima. Batire linali litafa kalekale. Atabwera magetsi, laputopu inangoti bii, osadziwa ngakhale dzina lake.

Wachitatu anali Tilinao, chitsirizira, amene ankasoka zovala ku Lilongwe. Atamva kuti amayi sakudya chifukwa cha laputopu yakufa, anabwera kudzaitenga.

"Zakuba ayi, achimwene," anauza Alufeyo. "Abambo ankanyadira kuti yawo ndi ya orijino. Idzuka ya orijino."

Anagulitsa makina ake osokera, omwewo ankamudyetsa, n'kugula layisensi yatsopano. Sisitimu inalowa bwinobwino, manambala anavomera. Ndipo poti mtsikanayu anali ndi chikondi chosefukira, sanalekere pomwepo. Anayenda kwa abale onse a m'tauni kutolera zithunzi za abambo, kanema wa maliro, kanema wa ukwati wa Sikolasitika, maulaliki, makwaya, n'kudzaza laputopu yonse mpaka pakamwa, kuti amayi akaitsegula asapeze m'nyumba mopanda kanthu.

Loweruka lina masana a kwaya anabwera kudzaphunzira nyimbo. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa masawu, ena atatenga timabotolo ta madzi totsukira pakhosi. ANasibeko anavala chilundu chimene amuna awo ankachikonda. Laputopu inayaka ndi kaphokoso kake kosangalatsa, anthu n'kuwomba m'manja. Alufeyo analowetsa fulashi ija modzikweza mapewa.

Munali nyimbo zakale za kwaya, zomwe aliyense pamphasapo ankaziimba ali m'tulo. Anatsegula ina, yakale. Anatsegula ina, yakalenso. Anafika kumapeto, n'kuyambiranso kumayambiriro, thukuta lili kamukamu. Tilinao anamulanda laputopu n'kufufuza ponseponse, koma ankangopeza zithunzi zimene anaikamo yekha. A kwaya anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito imene anaisiya kunyumba. ANasibeko anatsala pamphasa okha, chilundu chili pathupi.

Sanagonje msanga. Anakwera minibasi okha, munthu woti Lilongwe ankamuopa, laputopu ili pamiyendo ngati khanda lodwala, mpaka kwa katswiri wodziwa kuvuula zinthu zofufutika. Katswiriyo anakhala nayo, anaisanthula, kenaka anavula magalasi.

"Mayi, ndikanama ndichimwa. Kapepala kaja kakanakhalapo, mwana wanu akanangokonza sisitimu, nyimbo osaikhudza. Kapepalako palibe, chabwino, kachipinda kaja kakanaidzutsa kokha. Kachipindanso kapita, komabe mukanabwera nayo ili yakufa choncho, ndikanaivuula. Kufufuta n'kungosalaza mizere, mbewu zimakhala zikadali m'dothi. Koma apa munthu walima pamwamba n'kubzala zina munda wonse. Palibe chatsala."

"Ngakhale mzere umodzi, bambo?"

"Ngakhale kutsokomola kwawo, mayi."

Pobwerera sanalire m'minibasi. Analira atafika pakhomo, ataona chitseko cha chipinda chija. Kulira kwake kunaposa kwa tsiku la maliro, ndipo anansi anathamanga poganiza kuti kwagwanso zovuta.

Ana aja atamva zimene katswiri uja ananena, anayamba kulozana zala.

"Ine ndinangotsata mwambo," anatero Sikolasitika. "Ndani anandiuza kuti litsiro lija ndi kiyi? Mukanakonda anthu aziti ana a Gelevazio asunga zinthu za bambo awo zosatsuka?"

"Mukanasiya kapepalako, achemwali, ine sindikanafufuta kanthu," anatero Alufeyo. "Ndipo ngakhale ndinafufuta, mwamva nokha kuti nyimbo inali ikadalimo. Anaikwirira ndi uyu."

"Ine munandipatsa mtembo, achimwene, n'kundilumbirira kuti nyimbo ili m'fulashi," anatero Tilinao akusisima. "Ndagulitsa makina anga. Lero ndilibe posokera, ndilibe bambo, ndiye mukuti wakupha ndine?"

ANasibeko sanaweruze. Akanaweruza bwanji? Akayang'ana woyamba ankaona manja otupa ndi kuchapa. Akayang'ana wachiwiri ankaona mwana amene anamvera lamulo lawo lomwe, loti nyimbo isatsegulidwe. Akayang'ana wachitatu ankaona njala ikumudikira ku Lilongwe. Ndipo akadziyang'ana okha ankakumbukira miyezi yonse ija nyimbo inali m'sutikesi kumutu kwa bedi lawo, yamoyo, iwo n'kumaidutsa.

Anayesa kuwaimbira a kwaya kachidutswa kaja ankakamva pansi pa chitseko. Lero kankatuluka mwina, mawa mwina, mpaka iwo eni anasiya kudziwa kuti chuni cha amuna awo ndi chiti, chongopeka mtima wawo ndi chiti. Mawu ake sanawamvepo ndi limodzi lomwe. Sadzadziwa ngati mdala uja ankawathokoza, ankawapepesa, kapena ankangowaseka za mkonono wawo.

Tsiku la chiliza kwaya inaimba nyimbo yakale. Pobwera kumanda aNasibeko anaika laputopu pamphasa pakati pa ana awo, yoyera, yoyaka, ya orijino.

"Tengani, wina mwa inu," anatero. "Ine bambo anu ndawaika m'manda kawiri. Sindingagonenso ndi bokosi lawo m'nyumba."

Palibe anatambasula dzanja. Mpaka lero atatuwo akakumana amangopatsana moni wa pamsewu, ndipo laputopu ili pamwamba pa kabati kwa Sikolasitika, yofundika chitenje.

Tsono inu mwamvanu, nkhaniyi ndaitula m'manja mwanu. Wina anatsuka, wina anakonza, wina anagula, onse chifukwa chokonda mayi awo. Amene anawaika aGelevazio m'manda kachiwiri ndani: wopala kapepala, wofufuta kachipinda, wobzala pamwamba, kapena mayi amene anaopa kumva nyimbo yawo ikadalipo?