Ometa awiri, kompyuta imodzi

Ana inu, pa Mponela panali nyumba yometera ya mayi Nachisale. Ometa anali awiri, Gostino ndi Lameki, onse ochenjera ngati anabadwa tsiku limodzi. Pakona panali kompyuta imodzi yoimbira nyimbo makasitomala, ndipo aliyense ankaigwira mmene wafunira.

Gostino ankakonda nyimbo za kwaya, Lameki za dansi. Lameki akapita kokadya, Gostino ankafufuta nyimbo za mnzakeyo. Gostino akatuluka, Lameki ankabwezera pofufuta za kwaya, kenako n'kumulandira ndi nkhope ya mwana wosalakwa.

Mu kompyuta yomweyo mayi Nachisale anasungamo nyimbo za ukwati wa mwana wawo Tiyamike, zimene anzake a Tiyamikeyo anaphunzira kuvina mwezi wathunthu. Litafika Lachisanu, ukwati uli mawa, nyimbo zija zinali zitapita ndi kufufutana kuja. Tiyamike analira momvetsa chisoni.

"Si ine, mayi," anatero Gostino.

"Ine ndiye sindinayandikeko n'komwe," anatero Lameki.

Mayiwo sanataye nthawi ndi mlandu. Anaitana mayi Chisi, wokonza makompyuta, ndipo mwamwayi nyimbo zinabwezedwa. Kenako mayi Chisi anapatsa aliyense khomo lakelake lolowera ndi mawu ake achinsinsi.

"Kuimba nyimbo muziimba," anatero. "Koma kufufuta, kusintha kapena kuikamo zachilendo, kompyuta izikana. Kiyi wamkulu ali ndi eni ake, mayi Nachisale."

Usiku usanagwe onse awiri anayesa mobisa kufufuta. Kompyuta inakanadi, mopanda manyazi.

M'mawa wa ukwati mayi Nachisale anawayang'ana m'mutu. "Tsitsi limenelo musalowe nalo m'tchalitchi. Metanani msanga!"

Lameki anakhala pampando. Atangomva makina akulira kumbuyo kwa khutu, anakumbukira nyimbo zonse za kwaya zimene anafufuta, ndipo anadzambatuka.

"Yambani ndinu, achimwene."

"Ayi, akulu ndinu," anayankha Gostino, atagwira mutu wake ndi manja onse.

Ku ukwati anavina bwino ndithu, koma atavala zipewa zobisa tsitsi losameta lija, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo mayi Nachisale anati, "Atambwali sametana, amaopa kuchekana."

Mwambiwu ukutanthauza kuti wachinyengo sakhulupirira wachinyengo mnzake, poti amadziwa zimene iye mwini akanachita. Kompyuta anaitchinga ndi mawu achinsinsi, koma mutu wa munthu ulibe kiyi wotere.