Kabawi wa Foomu ndi Munda wa Nangozo

Kalekale, koma osati kale la makolo, ku dambo lina la mpunga kunali mayi wamasiye dzina lake Nangozo. Anali ndi ana atatu, onse akuluakulu: Elube, Ganizani ndi Wedisoni. Munda unali umodzi, wosatheka kuugawa, chifukwa madzi ankalowera pa ngalande imodzi yokha. Mpunga ukayamba kucha, mpheta zinkabwera ngati utsi, ndipo Elube ndiye ankaswera kumundako, kumenya zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa.

Miyendo itayamba kumukana, Nangozo anauza anawo kuti amene apulumutse mpunga wa chaka chimenecho, munda ukhala wake.

Ganizani ankakonza mawailesi pamsika. Anapeza kandege koseweretsa kothyoka pa kaunjika, nachotsamo kamota, batire ndi rimoti. Kenako anatola foomu woyera wopepuka uja wotetezera mafiriji m'makatoni, nati apanga kabawi woopseza mbalame. Mapiko oyamba anali athyathyathya ngati thabwa, ndipo ndege inangothamanga pansi ngati nkhuku. Anasema ena, nawapala mpaka pamwamba panachita kalinunda, kutsogolo kokhuthala, kumbuyo kopyapyala. Amenewo mphepo inawanyamula.

Wedisoni, wa zala zopepuka, ndiye anagwira rimoti. Ndegeyo anaigwetsa m'matope, anaikoleka mumtengo wa mango, anaiphwanya mphuno pachulu. Ikagwa ankatolapo nzeru: kuti aziiponya moyang'anana ndi mphepo, ndiponso kuti batire likhale chakutsogolo, apo ayi mphuno imadzuka, ndege nkugwa chagada. Chimodzi chokha chinamukanika. Mphepo ikawomba cham'mbali, ndege inkapendekera phiko limodzi osawongokanso mpaka pansi.

Elube analibe nazo ntchito. Ankati chidole sichipirikitsa mbalame. Tsiku lina anabwera kumunda atatheratu, natula dengu la chinangwa pamalo oyamba amene maso ake anaona. Malowo anali mapiko atsopano, amene Ganizani anawayanika pa njerwa ziwiri kuti guluu aume. Pakati panalowa pansi, nsonga zinaloza kumwamba, guluu nkuumira momwemo.

Ganizani ataona zimenezi, ananyamula mapikowo kulunjika kudzala, koma Elube anamuimira kutsogolo.

"Achimwene, musataye musanayese."

"Achemwali, inu ndi ndege munadziwana liti? Kapena dengu lanulo ndi limene linapita kusukulu?"

"Kabawi ndimaswera naye ine. Akamayandama, mapiko ake sakhala ngati tebulo."

Mumtima Elube sankadziwa ngati zimene ankanenazo zinali zoona. Ankangothawa manyazi. Anakangana mpaka Wedisoni anatopa, nati angoiponya basi, igwe, nkhani ithe.

Sinagwe. Mphepo itaipendeketsa, inadziwongola yokha. Itaipendeketsanso, chimodzimodzi. Wedisoni anaizunguliritsa pamwamba pa munda, mthunzi wake ukuyenda pa ngala za mpunga, ndipo mpheta zinabalalika kulowera kumabango. Zinkati zikabwerera, nkupeza kabawi alipo. Zinatero mpaka kukolola, ndipo matumba anadzaza chipinda.

Apo mpamene mlandu unayambira. Ganizani anati popanda kalinunda kake, chinthucho chikanakhalabe nkhuku yothamanga m'fumbi. Wedisoni anati ndege yopanda woiyendetsa ndi chinyalala, ndipo nzeru zonse za kugwa zili m'zala zake. Awiriwo anagwirizana pa chimodzi: kuti ngozi sailipira, ndipo ngati kumbali ya achemwali awo kuli woyenera munda, ndi dengu.

Elube anawasiya amalize.

"Linapinda mapiko ndi dengu, sindikukana," anatero. "Nanga njira ya kudzala anatseka ndani?"

Nangozo anayang'ana ana ake mmodzimmodzi. Mitambo yayamba kale kusonkhana, mbewu ikudikira kufesedwa pa nazale, ndipo palibe amene akufuna kugwira khasu m'munda umene mawa ungakhale wa mnzake.

Tsono inu amene mwamva, musazengereze, mvula sidikira. Munda apatsidwe ndani: amene anasema mapiko nkufuna kuwataya, amene anaiphunzira ndegeyo poigwetsa, kapena amene anawononga mosadziwa nkukakamira kuti chowonongekacho chiyesedwe?