Chimanga cha Pachulu cha aGwirize

Kalekale, wayilesi zikadali zowerengeka m'midzi, kunali bambo wina wokalamba dzina lake Gwirize. Pamudzi pomwe ankakhala sipanali pawo. Anabwerapo ali mnyamata kudzakwatira, ndipo monga mudziwa, mkamwini amakhalabe mlendo ngakhale mano onse atamuthera pamudzipo. Nyumba anamanga, minda analima, ana anabereka, koma zonsezo zinali za kuchikazi. Mkazi wawo atamwalira, anthu anawasunga chifukwa cha ana awo aakazi atatu, Esinati, Dorika ndi Maligita, amene onse anali pabanja pamudzi pomwepo.

Kwawo kwa aGwirize kunali kutali kummwera, patsinde pa phiri. Chaka china napolo anatsika ndi miyala ndi matope nakokolola mudzi wonse, otsala n'kumwazikana. Akulu amati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, koma nanga munthu amene kwawo kunasanduka mchenga alowere kuti? Chimene chinawatsalira chinali chimanga basi, chimanga chamakolo chofiirira, cha maso ang'onoang'ono olimba, chimene mayi awo anawamangira pakansalu tsiku lonyamuka. Ankachibzala pachulu china kutsidya kwa kamtsinje, kutali ndi minda ina, kuti chisasakanikirane ndi cha eni mudzi. Chulucho anachiswa mphanje okha, ndipo ndi malo okhawo amene ankawatchula kuti anga popanda wina kutsokomola. Anthu ankawaseka kuti chimangacho sichidzaza ndi dengu lomwe. Koma iwo ankachibzalabe. Akaotcha chisononkho chimodzi, fungo lake linkawabwezera pakhomo pa mayi awo, ankamva ngati mitondo ya kwawo ikusinja, ndipo ankakhala pomwepo mpaka moto kuzilala.

Ndiye kunadza chaka cha chilala. Mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo pachulu panatuluka mbewu yongokwana kamtsuko kamodzi. AGwirize anaithira phulusa poopa anankafumbwe, namata kamtsukoko ndi dothi pakamwa. Pomwepo n'kuti miyendo itayamba kutupa, chifuwa chikuwavuta. Imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kuti mbewu ija ikatha, kwawo kutha kachiwiri, ndipo ulendo uno osatsala ndi fungo lomwe. Mtima wawo unkangolakalaka kuona ngayaye za chimangacho zikugwedezeka pachulu kamodzi kokha.

Dzuwa linaotcha mpaka nkhuku kuyenda zitayasama. Tsiku lina mitambo inada, ziphaliwali zinang'anima, mvula n'kukhuthuka yamphamvu. Dothi linanunkhira, ndipo anthu anjala aja sanafunsenso, m'mawa mwake aliyense khasu paphewa. AGwirize nawo anadzikoka kupita pomwe ankasunga kamtsuko kaja, koma anapeza palibe.

Anali atakatenga Esinati, mwana wawo wamkulu, mkazi wosalankhulalankhula amene ankayenda maso ali m'mitengo. Iye anali ataona kuti msangu wa kudambo sunayoyole masamba, mphepo ikuombabe yakummwera, ndipo anamzeze sanayambe kuuluka chapansi. Anawauza bambo ake kuti imeneyi ndi chizimalupsa chabe, mvula yongozimitsa tchire lopsa, ndipo wobzalira imeneyi amadyetsa nthaka.

"Bweza mbewu yanga," anatero aGwirize. "Iwe uli ndi zaka zodikira, ine ndilibe."

"Nditukwaneni, bambo, koma kamtsuko sindikupatsani," anayankha Esinati.

AGwirize anakwiya zedi, moti moni wa mwana wawoyo anasiya kuyankha. Ankakhala pakhonde kuyang'ana minda ya anzawo ikubiriwira, misozi ili m'maso. Koma kumwamba kunayera mbee, dzuwa linabwerera ndi ukali woposa kale, ndipo zomera zija zinapinda masamba n'kupsera m'mizere. Ambiri anatsala opanda chobzala. Msangu utayoyola, mphepo ya mpoto itayamba, mvula yeniyeni inagwa yolowa pansi, ngumbi n'kutuluka. Apo Esinati anabwera ndi kamtsuko kali chimatire, nakaika pamapazi pa bambo ake. Anabzala pachulu, ndipo chimanga chinamera chokongola.

Wachiwiri, Dorika, anali wa pakamwa, ndipo mwamuna wake ndi amene anali ndi wayilesi pamudzipo. Chimanga chitatulutsa timasamba tingapo, Dorika anamva a zanyengo akuchenjeza kuti kukubwera mvula yamkuntho ndi matalala, alimi asamale. Anauza aliyense wokumana naye, koma anthu anangoseka. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo pamudzipo ankati a pawayilesi akanena kuti kugwa mvula, ndiye nthawi yoyanika ufa. Ngakhale Esinati anayang'ana m'mitengo mwake nati sakuonapo kanthu. AGwirize nawo anakayika, poti anthu okhala m'tauni angadziwe bwanji za mtambo wa pachulu chawo?

Dorika sanamvere. Anatola madengu, malichero, miphika ndi mphasa za m'nyumba mwake, zina n'kubwereka mokakamiza, nawoloka nazo kamtsinje. Phando lililonse analivundikira, pamwamba n'kutsindira mwala. Odutsa ankafunsa ngati chimanga cha aGwirize chayamba kumva manyazi, ena ankati mwina akufuna chiikire mazira. Mwamuna wake yemwe anamuuza kuti akumuchititsa manyazi. Iye anati manyazi sapha, ndipo anapitiriza kunyamula miyala.

Masana a tsiku lotsatira kunatentha modabwitsa, kenaka kumpoto kunada bii. Mphepo inafika ikulira, ikuzula madenga ndi kuthyola nthochi, ndipo pambuyo pake panagwa matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Minda ya anthu obzala kachiwiri inang'ambika masamba ngati yadyedwa ndi dzombe. AGwirize anali m'nyumba atagwira mzati, akumva matalala akusweka pakhomo, ndipo mumtima ankadalitsa madengu a Dorika. Koma atasuzumira panja anaona chimene wayilesi sinanene. Kamtsinje kaja kanali katasefukira, madzi ofiira atasiya njira yawo n'kulunjika pachulu, akuchidya m'munsi. Walira mvula walira matope. Mkuluyo anayesa kuimirira, miyendo inakana, ndipo anangoitana dzina la mayi awo ngati mwana.

Wotsiriza, Maligita, sankadziwa za msangu kapena za wayilesi. Anali munthu wa khasu basi. Denga la nyumba yake linali litangouluka, ufa wake wotsala ukunyowa, koma atamva kulira kwa bambo ake anasiya ana kwa mnansi, natenga khasu n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno. Atafika kutsidya anayamba kukumba ngalande kumtunda kwa chulu, mphenzi zikung'aluka, matalala akumutema kumsana. Anakumba mpaka madzi anapatuka n'kubwerera kudambo. Mbali imodzi ya chulu inali itagumuka kale pamodzi ndi madengu ake, koma mbali inayo inatsala. Pobwerera madzi anamugwetsera pachitsa, ndipo kuyambira tsikulo Maligita ankayenda motsimphina.

Mapando otsala anali ochepa, koma anakula. AGwirize ankapempha akamwini awo kuti awanyamule kuwaolotsa, ndipo ankakhala patsinde pa chulu tsiku lonse. Ngayaye zitatuluka anavula chipewa. Chimanga chitakhwima anathyola chisononkho chimodzi chokha, chochepetsetsa, nachiotcha. Mano otafunira analibe. Anangochigwira pafupi ndi mphuno, maso ali otseka, ndipo ana awo anaona bambo awo akumwetulira ngati munthu amene wafika pakhomo atayenda ulendo wautali. Kenaka anachibenthula patatu nawagawira.

Zotsalazo anaumitsa, ndipo zinangokwananso kamtsuko komweko. Mphamvu zinali zikuwathera, ndipo anadziwa kuti dzinja lotsatira sadzaligwirira khasu. Kugawa mbewuyo patatu sakanatha. Chulu chinali chimodzi, chogumuka kale, ndipo kuibzala m'minda ya pamudzi kukanaisandutsa chimanga wamba pa zaka zochepa. Kuwasiyira onse atatu ankaopanso, poti anali ataona minda yambiri ya pachibale ikumera tchire, aliyense akudikira khasu la mnzake. Kamtsuko kanayenera kugona m'nyumba imodzi, ndipo chulu chinayenera kukhala ndi mwini mmodzi. Choncho anaitana ana awo pakhonde nawafunsa kuti akapereke kwa yani.

Esinati anati, "Pakadapanda ine, bambo, mbewuyi ikadapsera m'nthaka nthawi ya chizimalupsa. Achemwali angawa akadavundikira chiyani? Ndinalolera kuti mundide, ndipo chizimalupsa chimabwera chaka ndi chaka."

Dorika anati, "Msangu wanu sunaone matalala, achemwali. Ndinawamva pawayilesi ndine, mudzi wonse ukundiseka. Nyengo yasintha masiku ano, mitengo payokha siikwanira."

Maligita anatambasula mwendo wake wopweteka uja. Kenaka anati, "Ine kumwamba sindikudziwa, bambo. Koma madzi atabwera, odziwa onse anali m'nyumba."

AGwirize anayang'ana ana awo mmodzimmodzi, kamtsuko kali pamiyendo. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa atatuwa amene anapondako kwawo kuja, komabe aliyense anali atavutikira mudzi umene sanauone. Akapatsa Esinati, mbewu siidzabzalidwa pa mvula yabodza, koma mkuntho ungadzamupeze akuyang'ana m'mitengo. Akapatsa Dorika, chenjezo lidzamveka msanga, koma wayilesi siidziwa kumene kamtsinje kamakhotera. Akapatsa Maligita, padzakhala munthu wolowa m'madzi, koma ndani adzamuletse kubzala mvula yoyamba ikadzamunamiza? Akalakwitsa kusankha, palibe kwina kokapempha mbewu ina, poti padziko lonse kwawo kunatsala m'kamtsuko komweko. Kamtsuko kanayamba kutsetsereka pamiyendo pawo, ndipo ana atatu aja anatambasula manja pamodzi kuti kasagwe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mkuluyu watopa ndipo sangagwirizire nthawi yaitali. Kamtsukoka akasiye m'manja mwa yani: mwa Esinati amene anakana mvula yabodza, mwa Dorika amene anakhulupirira chenjezo anthu akumuseka, kapena mwa Maligita amene analowa m'madzi ndi khasu?