Nzama Yotsala Pogawana

Padali kale, kuseri kwa phiri lina, mudzi umene ana sankawerengedwa ndi chala. Mwandida, mtsikana wokonda kuwerenga chilichonse, lamuloli ankalidziwa, koma pakamwa pankamuyabwa. Tsiku lina kudimba adaloza abale ake mmodzimmodzi, chala n'kuthera pa mlongo wake wamng'ono, Zuze. Kamvuluvulu adazungulira, Zuze ndiye zii. Lidamutenga dzimwe la mitu isanu ndi iwiri, lotola wotsiriza kuwerengedwa.

Palibe adamukalipira, ndipo zimenezi n'zomwe zidamupweteka kwambiri. Adatenga chikwanje ndi nzama zokazinga za kamba, ulendo.

Pakhomo pa phanga la dzimwe adapeza nyerere yanjala, naibenthulira nzama. Nyerereyo idamuululira kuti dzimwe limasandutsa ana nzama n'kuwasunga m'lichero. Mitu yake ndi yansanje, sidya isanagawane mofanana. Zuze ndiye adakwanitsa chikwi ndi zisanu ndi zitatu, zogawika bwinobwino pa mitu yonse, ndipo phwando lidali tsiku lomwelo.

Mwandida adalembalemba pamchenga. Kungowonjezapo imodzi, chikwi ndi zisanu ndi zinayi! Nambala yaliuma imeneyo. Uigawe pawiri, patatu, kaya pasanu ndi pawiri, china chimatsala basi. Nyerere idamulavulira, nayenso n'kusanduka nyerere, nakankhira nzama yake imodzi m'licheromo.

Mitu idayamba kugawana: iyi yanga, iyi yako. Pamapeto imodzi idatsala. Mkangano buu, mpaka mitu inayo idaluma mutu waung'ono n'kuudula. Idagawana isanu ndi umodzi, nzama imodzi n'kutsalanso, mutu wina n'kugwa. Itatsala isanu zidatsala zinayi, wosowayo n'kulusa. Momwemo, momwemo, Mwandida akusekerera kuseri kwa mwala ngati wamaliza kale ntchito. Ndi kuchenjera kwake konseko, mwanayu adaiwala chinthu chimodzi.

"Ndatsala ndekha," udatero mutu wotsiriza. "Kwa mmodzi chilichonse chimagawika."

Udatola nzama imodzi n'kuitafuna, kukuchu. Mwandida adasandukanso munthu, chikwanje khaa pakhosi, dzimwe n'kugwa osadzukanso. Akadafulumira pang'ono chabe!

Nzama zidasweka, ana n'kutuluka piringupiringu, ena akulira, ena akufunsa njira yakwawo. Pansi pa lichero padatsala nzama imodzi, yokazinga, yake yomwe. Apo adadziwa kuti yotafunidwayo idali mwana. Adaitana Zuze mpaka mawu kusasa.

Midzi yonse idamuchingamira ndi nthungululu, amuna n'kumunyamula pamapewa, akumutcha mpulumutsi. Iye mtima uli zii, maso ali pa mayi ake. Mayiwo adayenda mumzere wa anawo, akuyang'ana nkhope imodziimodzi, mpaka kumapeto. Adaima pang'ono, n'kubwerera kukayambiranso.