Muvi Umene Nungu Sanajambule

Kalekale m'munsi mwa phiri lina munali kasupe amene Njovu, Nungu, Mfuko ndi nyama zina zinkamwapo. Kumtunda kwa kasupeyo, pamalo otsetsereka, panali chimwala chachikulu, ndipo pambali pake panamera mkuyu. Dzinja litayandikira, Njovu anafuna kuzula mkuyuwo kuti ayale ulalo pamtsinje, koma anzake ankaopa kuti mwala ungagubuduke. Mkangano utakula, anagwirizana zokafunsa Nungu.

Nungu ankadziwika ndi luso lojambula mphamvu zimene zimakoka kapena kukankha chinthu, ndipo ulemu umenewu ankaukonda kuposa chinangwa. Anathothola munga umodzi kumsana kwake n'kusalaza mchenga. Kenaka anajambula kabokosi koimira mwala, n'kuyamba kulemba mivi.

"Muvi woloza pansiwu ndi kulemera kwa mwala," anatero Nungu. "Wachiwiriwu ndi nthaka imene ikukankha mwala kuti usamire. Wachitatu woloza kumtundawu ndi kukhakhala kwa nthaka, kumene kukuuletsa kutsetsereka."

Atayang'anitsitsa, anaona kuti muvi wachitatu unali waufupi, wosakwanira kuimitsa mwala wolemera chotero. Anadziwa kuti pali mphamvu ina imene waiphonya. Koma nyama zonse zinali zitamuzungulira kudikira yankho. Mwakachetechete anangoutalikitsa muviwo mpaka zonse zinaoneka zolingana.

Apo Mfuko, amene una wake unali pansi pa mwala womwewo, anatulutsa mphuno m'dothi.

"Pepani a Nungu, ine zojambula sindizidziwa, maso anganso ndi ofooka," anatero. "Koma kunsi kuno kuli muzu wa mkuyu umene wakolowekera mwalawu. Ndimaugunda tsiku ndi tsiku, ndi wokungika ngati nsinga ya uta. Nanga muvi wake uli pati?"

Nungu anazindikira pomwepo kuti umenewo ndiwo muvi unkasowa. Koma kufufuta ntchito yake pagulu chifukwa cha mawu a Mfuko kunamukulira.

"Mayi, ife timajambula zooneka ndi maso," anayankha. "Zam'dothizo zisiyeni m'dothi momwemo."

Nyama zinaseka, ndipo Mfuko anabwerera kwa ana ake.

"Ndiye ndizule kapena ayi?" anafunsa Njovu, amene kudikira kunali kutamutopetsa.

"Zulani, akuluakulu. Mwalawu susuntha."

Njovu anakulunga chitamba pamtengo n'kukoka kamodzi, kawiri. Kachitatu muzu uja unaduka, mwala n'kupendekeka pang'onopang'ono ngati ukuganiza. Kenaka unagubuduka, kugumula nthaka yonse imene unadutsamo, n'kukakhala pakamwa penipeni pa kasupe. Fumbi litatha, Mfuko anatuluka ndi ana awiri. Awiri ena anatsalira m'una wogumukawo.

Masiku atatu Njovu anakankha mwalawo mpaka mutu unatupa, koma sunasunthe. Ulalo anauyala ndithu, nyama n'kumaoloka dzinja lonse. Koma chilimwe chitafika mtsinje unaphwa, ndipo popanda kasupe mabanja anayamba kusamuka limodzilimodzi.

Tsiku limene Mfuko ankasamuka, Nungu anamutsatira panjira, minga yake ikukwekwereka pansi.

"Mayi, ndinadziwa kuti munkanena zoona," anatero. "Ndinachita manyazi kuvomera."

Mfuko anatembenuka, ana ake atamukakamira.

"Mukadakhala kuti simunadziwe, a Nungu, bwenzi tikulirira limodzi," anayankha motsitsa mawu. "Koma poti munadziwa, ndisiyeni ndilire ndekha."

Anakumba dothi n'kulowa ndi ana ake, ndipo Nungu sanamuonenso. Nunguyo sanasamuke. Anakalambira pafupi ndi mwala uja, akumva madzi akulira pansi pake pamene panalibe amene akadawafikira.

Phunziro: Pojambula mphamvu zogwira pa chinthu, werenga zonse, zooneka ndi zobisika zomwe. Zikakana kulingana, usatalikitse muvi kuti ubise manyazi, koma funsa amene amakhala pafupi ndi chinthucho, ngakhale akhale wamng'ono.